Ndimayembekezera 10 µg pa kudina kumodzi koma HPLC ikundipatsa 7.4 µg, ndasokoneza pati?

Chikondi_Pharm4 walemba:

Moni nonse akuluakulu a m'gulu lino. Ndine wophunzira wa chaka chomaliza cha pharmacy, ndipo polojekiti yanga ndi yoyesa mankhwala a peptide opopera m'mphuno. Zonse zikuchitikira pa benchi mu labu, palibe munthu amene akupoperedwa. Ndikufuna kupanga madzi a desmopressin (peptide wochepetsa mkodzo) ofanana ndi ogulitsidwa aja a 10 µg pa kudina kumodzi, kenako ndione ngati pampu yotchipa yomwe tili nayo ikutulutsa mlingo womwewo kuyambira botolo lili lodzaza mpaka litatsala pang'ono kutha.

Kabotolo ka ufa kalembedwa desmopressin acetate 5 mg. Pepala lomwe linabwera nako likuti purity ndi 98.6% pa HPLC (makina olekanitsa ndi kuyeza mankhwala a m'madzi), ndipo m'munsi mwake muli mzere wina wakuti peptide content 87%, womwe kunena zoona sindinaulabadire. Ndinathira 5 mL ya saline ya 0.9% m'kabotolomo, n'kuwerenga kuti ndapeza stock ya 1 mg/mL. Ndinatapa 1 mL, n'kuwonjezera saline mpaka 10 mL, n'kusefa ndi fyuluta ya nylon ya 0.22 µm, n'kuthira m'botolo lagalasi labulauni. Pampu yake yalembedwa 0.1 mL. Masamu anga anali akuti 100 µg/mL kuchulukitsa ndi 0.1 mL ndi 10 µg, ndiye botolo lipereka ma spray 100.

Ndinadina katatu kuti pampu ikoke madzi, kenako ndinapopera ka 10 mu flask ya 25 mL, ndikuyeza botolo pa sikelo ndisanadine ndiponso nditadina. Zomwe botolo limataya m'magalamu ndi izi: 0.082, 0.089, 0.094, 0.095, 0.096, 0.094, 0.097, 0.095, 0.096, 0.097. Nditadzaza flask ndi saline mpaka pa mzere, HPLC yandipatsa 74 µg zonse pamodzi, kutanthauza 7.4 µg pa kudina kumodzi. Standard yomwe ndagwiritsa ntchito ndi ya pharmacopoeia, yolembedwa mlingo wa desmopressin weniweniyo popanda mchere.

Kodi 2.6 µg yasowa pati? Nanga ndiwerenge bwanji kuti batch yachiwiri ifike pa mlingo, ndipo m'botolo la 10 mL ndilembe kuti muli ma spray angati? Stock yatsala pafupifupi 4 mL yokha, sindikufuna kuiononga.

Mbewe_QC wayankha:

Achemwali, palibe chomwe chasowa modabwitsa apa. Manambala atatu amene munawakhulupirira osawayesa ndi amene akupusitsani: 5 mg ya pa kabotolo, 0.1 mL ya pa pampu, ndi ganizo lakuti chilichonse chomwe chalowa mu fyuluta chimatuluka mbali inayo.

Tiyambe ndi ufa. Purity ndi peptide content ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, ngakhale amazilemba moyandikana. Purity ya 98.6% ikunena kuti mwa ma peptide onse amene HPLC yawaona, 98.6% ndi desmopressin, otsalawo ndi tizidutswa tomwe tinalakwika popanga. Koma HPLC yotereyi siwerenga madzi amene ufa wayamwa, siwerenganso acetate amene waphatikana ndi peptide ngati mchere. Peptide content ndiyo imakuuzani kuti pa kulemera konse kwa ufa, peptide ndi gawo lanji. Ndiye mumachulukitsa zonse ziwiri:

5 mg × 0.87 × 0.986 = 4.29 mg

Mu 5 mL, stock yanu ndi 0.858 mg/mL, osati 1 mg/mL. Mutatapa 1 mL n'kufikitsa pa 10 mL munapeza 85.8 µg/mL. Apa pokha mwataya kale 14% musanagwire n'komwe pampu.

Tsopano pampu. Avereji ya manambala anu 10 ndi 0.0935 g. Galamu si mililita, muyenera kugawa ndi kulemera kwa mililita imodzi ya madzi anuwo. Saline ya 0.9% ili pafupifupi 1.005 g/mL, ndiye 0.0935 kugawa ndi 1.005 ndi 0.093 mL. Chulukitsani: 85.8 × 0.093 = 7.98 µg. Imeneyi ndi nambala yomwe mukanayenera kuyembekezera. Mwapeza 7.4, kutanthauza kuti yomwe yasowadi ndi pafupifupi 0.6 µg, kapena 7%, ndipo imeneyo muisake mu fyuluta ndi m'makoma a flask.

Koma taonaninso manambala anuwo. Awiri oyamba, 0.082 ndi 0.089, si ma spray athunthu, m'pampu munali mudakali mpweya. Kudina katatu sikunakwanire. Mukawachotsa awiriwo, asanu ndi atatu otsala akupereka avereji ya 0.0955 g, yomwe ndi 0.095 mL. Choncho pampu yanu ndi ya 95 µL. Si yoipa ayi, pampu yolembedwa 100 µL kupereka 95 si nkhani yachilendo, ndipo manambala ake ali pafupipafupi, kuyambira 0.094 kulekeza 0.097. Chofunika n'chakuti pa masamu muzigwiritsa ntchito 95 yomwe mwayeza, osati 100 yomwe yalembedwa.

Masamu ake amayenda chobwerera, kuchokera ku spray kupita ku stock. Mlingo womwe mukufuna pa kudina kumodzi mugawe ndi voliyumu yeniyeni ya pampu, mupeza mphamvu yomwe madzi ayenera kukhala nayo. Mphamvuyo muchulukitse ndi kukula kwa batch, mupeza peptide yense wofunika. Ameneyo mugawe ndi mphamvu yeniyeni ya stock.

10 µg ÷ 0.095 mL = 105.3 µg/mL
105.3 × 10 mL = 1053 µg
1053 ÷ 858 = 1.23 mL ya stock, kufikitsa pa 10 mL

Kufikitsa pa 10 mL, osati kuwonjezera 10 mL. Anthu ambiri amapunthwa pomwepa: 1.23 mL kuthiramo 10 mL ndi 11.23 mL, ndipo mwachepetsa mphamvu ndi 11% osadziwa. Gwiritsani ntchito volumetric flask, mizere ya pa botolo lopoperalo kapena pa beaker ndi yongoyerekeza.

Chomaliza, musakhulupirirenso 0.858 yanga ija musanaiyese. Ikudalira kuti m'kabotolo munalidi 5.00 mg, pamene makina odzaza timabotolo ta kafukufuku amatha kupyoza kapena kuperewera. Ibayeni stock pa HPLC moyerekeza ndi standard. Ngati HPLC ili pa mzere wa anthu ambiri, makina oyeza kuwala kwa UV komwe madzi akumeza angakupatseni chithunzi msanga. Desmopressin ili ndi tyrosine imodzi ndi disulfide imodzi, ndiye pa 280 nm extinction coefficient yake imabwera pafupifupi 1490 kuphatikiza 125, yomwe ndi 1615. Kulemera kwa molecule yake ndi 1069.2. Stock ya 0.858 mg/mL ndi 0.80 mM, ndipo mu cuvette ya 1 cm iyenera kuwerenga pafupifupi 1.30. Ikanakhaladi 1 mg/mL ikanawerenga 1.51. Kusiyana kumeneku kumaoneka bwinobwino ngakhale pa makina akale. Cuvette ikhale ya quartz, yapulasitiki wamba imameza kuwala kwa 280 nm.

NaPhiri_Formulation wayankha:

A Mbewe afotokoza bwino, koma pa 10 µg paja pali kanthu koyenera kukonza, apo ayi mwanayu apanga madzi amphamvu kuposa amene akufuna kuwatsanzira.

Mankhwala ogulitsidwa aja akalemba 10 µg amatanthauza desmopressin acetate, mcherewo. Mukawerenga mapepala ake mupeza akuti 0.1 mg ya desmopressin acetate ikufanana ndi 0.089 mg ya desmopressin. Ndiye spray imodzi ya m'sitolo ili ndi 8.9 µg ya peptide weniweni. Popeza standard yanu, Chikondi, yalembedwa popanda mchere, nambala yofanizira nayo ndi 8.9 osati 10. Mutatenga mankhwala ogulitsidwawo n'kuwabaya pa HPLC yanu ndi standard imeneyo, nawonso sangakupatseni 10. Choncho 7.4 yanu ndi 83% ya cholinga, osati 74% monga mumaganizira.

Masamu omwewo a a Mbewe, kungosintha nambala yoyamba:

8.9 µg ÷ 0.095 mL = 93.7 µg/mL
Pa batch ya 10 mL: 937 µg, kapena 1.09 mL ya stock
Pa batch ya 25 mL: 2342 µg, kapena 2.73 mL ya stock

Ine ndingalangize ya 25 mL, chifukwa botolo limodzi silingakuuzeni zambiri za pampu. Mwina mwangogwira yabwino kapena yoipa. Ndi 25 mL mudzaza mabotolo awiri, n'kutsala ndi ina yotsukira fyuluta komanso yoyesera pH. Stock yanu ikukwanira. Mu lipoti lanu lembani pa tebulo lililonse ngati mlingo ndi wa mchere kapena wa peptide yekha. Oyesa mayeso ena amafunsa zimenezi dala.

Tsopano za kuchuluka kwa ma spray. Kugawa 10 mL ndi 0.1 n'kupeza 100 ndi masamu a pa pepala. M'botolo lenileni madzi amapita mbali zitatu: ena amathera pokoketsa pampu, ena amatuluka ngati ma spray athunthu, ena amatsalira pansi pomwe kachubu sikafika. Chitsanzo chooneka bwino ndi calcitonin yopopera m'mphuno yomwe inkagulitsidwa ndi dzina la Miacalcin. Spray imodzi inali 0.09 mL ya madzi a 2200 IU/mL, kupereka 200 IU, ndipo botolo linali la madozi 30. Madozi 30 kuchulukitsa ndi 0.09 ndi 2.7 mL yokha, koma m'botolomo ankathiramo 3.7 mL. Mililita yonse yathunthu inali yoti ithere pokoketsa ndi kutsalira. Nawonso a desmopressin a 5 mL ku America amalemba kuti mukafika ma spray 50 tayani botolo ngakhale mukuona madzi, chifukwa otsatirawo sakwananso mlingo.

Kwa botolo lanu muyese nokha, ndipo yesani ndi buffer yopanda peptide kuti musaononge stock. Yezani botolo louma ndi pampu yake. Thirani 10 mL, yezaninso. Dinani mpaka manambala atatu otsatizana atafanana, n'kulemba kuti mwadina kangati. Poona manambala anu, pampu imeneyi ikufuna kasanu. Pitirizani kudina, muziyeza kudina kulikonse kapena kamodzi pa kasanu, mpaka muone kulemera kwayamba kutsika ndipo utsi wayamba kulavula. Kudina kumene kwatsika koyamba kupitirira 15% ya cholinga, pamenepo ndi pomwe botolo lathera, ngakhale pansi pakuoneka madzi. Yezani zotsalazo. Tingoyerekeza kuti kukoketsa kwadya 0.5 mL ndipo pansi patsala 0.8 mL: zotsala zogwiritsa ntchito ndi 8.7 mL, kugawa ndi 0.095 ndi 91. Pa lebulo mungalembe 85 kuti mukhale ndi malo. Kachubu kakakhala kafupi kapena kodulidwa mopingasa n'kugunda pansi pa botolo, manambalawa amasintha kwambiri. Kakagunda pansi kamadzitseka, pampu imabwerera pang'onopang'ono n'kupereka ma spray operewera pakati pa botolo, zomwe zimasokoneza munthu koopsa chifukwa amaganiza kuti vuto ndi dzanja lake.

Malire oti muyerekezere nawo alipo. Malangizo a 2002 a FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, okhudza mankhwala opopera m'mphuno amati kulemera kwa spray iliyonse kusapatuke kupitirira 15% kuchoka pa cholinga, ndipo avereji isapatuke kupitirira 10%. Pa mlingo wa mankhwala m'ma spray, mwa 20 oyesedwa kuchokera m'mabotolo 10 asapitirire awiri otuluka kunja kwa 80 mpaka 120%, pasakhale ndi amodzi omwe kunja kwa 75 mpaka 125%, ndipo avereji ikhale pakati pa 85 ndi 115%. Onani kuti pamenepa akunena za spray iliyonse payokha. Inu munasakaniza ma spray 10 mu flask imodzi, zomwe zimabisa kusiyana konse. Pa funso lanu la polojekiti muyenera kutolera imodziimodzi kumayambiriro, pakati ndi kumapeto kwa botolo.

Dzanja nalonso ndi chida. Makampani amagwiritsa ntchito makina odinira amene amadina ndi mphamvu ndi liwiro lofanana nthawi zonse. Popeza inu mulibe, adine munthu m'modzi yekhayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, adine mpaka pansi mwachangu, asiye pampu ibwerere yokha mpaka pamwamba, adikire masekondi angapo ofanana. Botolo liime chilili. Ndikukayika kuti popopera mu flask munalipendeketsa, chifukwa ndi mmene aliyense amachitira koyamba. Likapendekeka ndipo madzi achepa, kachubu kamakoka mpweya. Botolo liime, chotolera ndicho chizondoke pamwamba pa kamlomo.

Gondwe_Analyst wayankha:

Ine ndilowe pa 7% yosowayo, chifukwa ikhoza kukula kapena kuchepa tsiku ndi tsiku, ndipo ndiyo imapangitsa zotsatira kusabwerezeka.

Wokayikitsa woyamba ndi nylon. Fyuluta ya nylon ndi ya cellulose nitrate zimagwira ma peptide ndi mapuloteni kwambiri. Sankhani PES kapena hydrophilic PVDF, zolembedwa low protein binding. Ngakhale zimenezo, tayani 1 mpaka 2 mL yoyamba kudutsa, chifukwa ndi yomwe imadzaza malo omatirira. Kuti mudziwe zoona zake, tengani madzi omwewo, ena osefa ena osasefa, mubaye onse pa HPLC. Zimatenga mphindi zochepa ndipo mumaloza chala pa wolakwa popanda kulingalira.

Wachiwiri ndi flask. Taganizani, 74 µg mu 25 mL ndi pafupifupi 3 µg/mL yokha. Peptide akachepa chonchi, gawo lomwe limakakamira ku galasi limakhala lalikulu poyerekeza ndi lomwe lili m'madzi. Desmopressin ili ndi arginine, yomwe imanyamula chaji ya positive, pamene galasi lili ndi ya negative, ndiye zimakokana. Pa stock ya 858 µg/mL zomatirirazo n'zosaoneka, pa 3 µg/mL zimaoneka. Musadzaze flask ndi saline. Tsukani ndi kudzaza ndi mobile phase yanu (madzi amene amayenda mu HPLC) kapena madzi osakaniza ndi acetonitrile pang'ono ndi asidi pang'ono, yomwe imamasula peptide ku makoma. Standard yanu isungunulidwe m'madzi omwewo. Ngati standard ili mu mobile phase pamene sample ili mu saline, mukuyerekeza zinthu ziwiri zosafanana. Ma vial a HPLC akhale a polypropylene kapena galasi la silanized ngati lilipo.

Wachitatu ndi utsi wothawa. Sikelo imayeza chomwe chatuluka m'botolo, HPLC imayeza chomwe chagwidwa. Pakati pa ziwirizi pali kadontho kotsalira pa kamlomo ndi nthunzi yomwe yabwerera kunja kwa khosi la flask. Khosi la flask ya 25 mL ndi lopapatiza, si chotolera chabwino. Chubu cha centrifuge cha 50 mL chozondotsa, kamlomo katalowa m'kati, chimagwira bwino. Mukadina chitembenuzeni msanga, thirani madzi otsukira, tsekani, khutchumulani. Mukatolera spray imodzi n'kufikitsa pa 2 mL mupeza pafupifupi 4.5 µg/mL, yomwe pa 220 nm imaoneka bwino. Musanayambe, yesani njira yanu: ikani ndi pipette 95 µL ya madzi odziwika mphamvu m'chubu chotolera, muchite zonse monga mwa nthawi zonse, muone kuti mwabweza zingati. Ngati ndi pipette mukubweza 99% koma ndi pampu 93%, vuto ndi katoleredwe. Ngati zonse ziwiri zikupereka 93%, vuto ndi makoma.

Pa sikelo, manambala anu ali ndi ma decimal atatu. Pa chinthu cholemera 95 mg, sikelo yowerenga 1 mg ili ndi kukayikitsa kwa 1% pa kuyeza kulikonse, ndipo mumayeza kawiri. Pezani analytical balance ya 0.1 mg. Gwirani botolo ndi magolovesi, thukuta la chala limalemera. Botolo lochokera mu furiji lidikire lifike pa kutentha kwa m'chipinda, apo ayi limachita mame kunja ndipo nambala imangokwera mukuyang'ana. Chimodzimodzi kabotolo ka ufa, mukakatsegula kali kozizira ufa umayamwa chinyezi, ndipo 87% ija siikhalanso yoona. Mwachita bwino kuyeza botolo m'malo moyeza madzi otuluka, chifukwa timadontho ta spray timauma m'masekondi ochepa.

China chomwe simunafunse koma chikudikirani kutsogolo: saline yokha si formulation. Ilibe buffer, ndiye pH yake imangoyendayenda, ndipo ilibe choteteza ku tizilombo pamene botolo lodinidwa kambirimbiri limakoka mpweya wa kunja. Desmopressin imakhalitsa pa pH ya 4 mpaka 5. pH ikakwera kupita ku alkaline, asparagine, glutamine ndi amide ya kumapeto zimayamba deamidation (kutaya gulu la amide), ndipo disulfide imasinthana n'kupanga ma dimer. Pa chromatogram mudzaona tinsonga tatsopano pafupi ndi nsonga yaikulu. Mtundu wa DDAVP (dzina la malonda la desmopressin) wosungidwa kunja kwa furiji uli ndi izi pa mililita imodzi: sodium chloride 7.5 mg, citric acid monohydrate 1.7 mg, disodium phosphate dihydrate 3.0 mg, ndi 0.2 mg ya benzalkonium chloride solution ya 50%. Kusakaniza kumeneku kumapereka pH ya pafupifupi 5. Chenjerani pa benzalkonium, 0.2 mg ya solution ya 50% ndi 0.1 mg ya mankhwala enieni, kapena 0.01%. Mukaiwala 50% imeneyo mwathira kawiri. Onaninso kuti mchere autsitsa kuchoka pa 9 kufika 7.5 mg chifukwa buffer nayo imawonjezera osmolality (kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi), cholinga chikhale pafupi ndi 290 mOsm/kg. Popeza stock yanu ili kale mu saline ya 9 mg/mL, muwerengere mchere womwe ikubweretsa: 2.73 mL ikubweretsa pafupifupi 24.6 mg, pa 187.5 mg yofunika mu 25 mL, ndiye muyeze 163 mg yokha. Mukasintha formulation yezaninso kulemera kwa mililita imodzi ndi shot weight (kulemera kwa spray imodzi). Ndipo kuyesa kwa UV kwa a Mbewe kuchitike musanathire benzalkonium, chifukwa nayo imameza kuwala pafupi pomwepo.

Chikondi_Pharm4 wayankha:

Zikomo kwambiri a Mbewe, mayi Phiri ndi a Gondwe, maso atseguka. Ndayesa stock pa UV lero, yawerenga 1.27, ndiye ili pafupi ndi zomwe a Mbewe anawerenga koma yotsikirako pang'ono. Ndiibaya pa HPLC Lolemba ndisanapange batch ya 25 mL.

Mafunso awiri otsala. Mabotolo ndiwasunga milungu isanu ndi itatu kuti ndione ngati mlingo ukusintha, ena mu furiji ena pa shelefu. Ndiyang'anire chiyani kupatula kuwonongeka kwa peptide? Chachiwiri, mnzanga wina akuti tingopopera m'mphuno mwathu kamodzi kuti tilembe ngati ikuwawa kapena ayi, popeza mlingo wake ndi wochepa. Ine ndakana koma ndikufuna chifukwa chomveka choti ndimuuze.

NaPhiri_Formulation wayankha:

Mnzanuyo mumuuze kuti ayi, ndipo zifukwa zilipo zokwanira. Ufa wa kafukufuku sunayesedwe ngati mankhwala a anthu, palibe amene watsimikiza za endotoxin, za tizilombo, kapena kuti 1.4% yotsalayo ndi chiyani. Chachiwiri, 10 µg ya desmopressin si yochepa, ndi dozi yathunthu ya wodwala diabetes insipidus (matenda okodza kwambiri). Imauza impso kuti zisunge madzi, ndipo munthu akamamwa madzi ambiri monga timachitira nyengo yotentha, sodium m'magazi amatsika. Mu 2007 FDA inachotsa chilolezo chogwiritsa ntchito desmopressin ya m'mphuno kwa ana okodza pogona chifukwa cha vuto lomweli, ena ankafika pokomoka ndi kugwedezeka. Ndipo inu mwaona nokha kuti simunadziwe mlingo weniweni wa m'botolo lanu. Chachitatu, kuyesa chilichonse pa munthu, ngakhale wodzipereka yekha, kumafuna chilolezo cha komiti ya ethics monga COMREC kapena NHSRC, ndipo pa mankhwala bungwe lowayang'anira la PMRA nalo limakhudzidwa. Mukalemba mu lipoti kuti munadzipopera, polojekiti yonse ikhoza kukanidwa. Ngati mukufuna kunenapo za kuwawa, perekani pH ndi osmolality. Ngati mukufuna kupita patsogolo, khungu la m'kati mwa mphuno ya mbuzi kapena nkhosa yongophedwa kumene limagwiritsidwa ntchito pa Franz cell (chida choyezera mmene mankhwala amadutsira khungu), ndipo pamenepo madzi mumaika ndi pipette, osati ndi pampu. Popopera pa benchi napo muzichitira mu fume hood, chifukwa ma spray 90 m'chipinda chotseka ena mumawapuma.

Pa kusunga, chomwe ambiri sachiganizira n'chakuti mphamvu imatha kukwera m'malo motsika. Pampu ikapanda kumata bwino pa khosi la botolo, madzi amauma koma peptide amatsala. Botolo la 10 mL likataya 0.8 mL, mphamvu yakwera ndi 8.7%. Zimenezi zimachitikira ngakhale opanga akuluakulu: mu 2020 ma spray a desmopressin anabwezedwa kuchokera m'masitolo ku America ndi ku Ulaya atapezeka kuti ali ndi mankhwala ochuluka kuposa olembedwa. Choipa kwambiri n'chakuti kuuma kungabise kuwonongeka. Peptide akaonongeka ndi 6% pamene madzi auma ndi 6%, HPLC ikupatsani 100% yokongola, inu n'kulemba kuti zonse zili bwino. Choncho yezani botolo lililonse pa sikelo tsiku lodzaza, kenako sabata iliyonse musanadine, ndipo muziyang'ana tinsonga tating'ono pa chromatogram, osati nsonga yaikulu yokha.

Gondwe_Analyst wayankha:

Ndiwonjezere ziwiri pa za kusungazo. Mawu akuti kutentha kwa m'chipinda m'mabuku amatanthauza pafupifupi 25 °C, pamene shelefu ya labu yopanda air conditioner mu October imapitirira 30. Ikani thermometer yosunga nambala yokwera ndi yotsika kwambiri pafupi ndi mabotolo, ina mu furiji, muzilemba tsiku lililonse. Magetsi akazima usiku furiji imatentha n'kuziziranso m'mawa inu osadziwa, ndiye popanda thermometer simungateteze zotsatira zanu za 2 mpaka 8 °C. Mabotolo asagunde khoma la kumbuyo kwa furiji, amaundana.

Pampu ikakhala masiku osadinidwa, madzi a m'kachubu amabwerera pansi pang'ono ndipo spray yoyamba imaperewera. Musaitaye mwakachetechete. Iyezeni pa sikelo, yezaninso yachiwiri ndi yachitatu, mulembe kuti pakatha sabata pampu imafuna kudinidwa kangati kuti ibwerere pa 0.095 g. Muziwerengeranso kudina kumeneku pa chiwerengero cha ma spray a botolo, apo ayi 91 ija simudzafikapo. Stock yotsala muigawe m'timachubu ta low bind ta 0.5 mL, muike pa −20 °C, kachubu kalikonse kasungunulidwe kamodzi kokha. Pa 1.27 ya UV, stock yanu ikubwera pafupifupi 0.84 mg/mL, ndiye ngati HPLC ivomereza Lolemba, 2.73 mL ija isanduka 2.79 mL.